Njinga ya matayala anayi: ekiselo ndi chiwongolero ndiye mutu wa nkhani

Ophunzira kuwotcherera ambiri amathera nthawi pa felemu, chonsecho felemu sivuta. Paipi ya ngodya zinayi ya 30 mm, yochindikala 2 mm, imanyamula munthu ndi katundu wake bwinobwino. Ingochepetsani moto pa makina, chifukwa chitsulo chopyapyala chotere chimabooka msanga.

Chimene ndaona kuti chimafuna kuphunzira mofatsa ndi ekiselo ya kumbuyo, chitsulo chimene matayala akumbuyo amakhalapo. Pokhota, tayala la kunja limayenda mtunda wautali kuposa la m'kati. Mukawamangirira onse awiri pa chitsulo chimodzi, limodzi limakwekwereza pansi, njinga imakana kukhota, ndipo masipoko amayamba kuduka. Ena amathana nazo polumikiza tcheni ku tayala limodzi lokha. Pa tala zimatheka, koma m'misewu ya m'minda ya tiyi ku Thyolo, dothi lofiira likanyowa, tayalalo limangozungulira pamodzimodzi. Komanso pa msewu wa mabampu tayala limodzi mwa anayiwo limayandama, ndiye likakhala lokoka lomwelo, mwaima basi. Njira imene ndimaikhulupirira ndi kuika fuliwilo, kagiya kamene kamalola tayala kuzungulira lokha osapalasa, ku tayala lililonse: poyenda mowongoka onse amakoka, koma la kunja limatha kuthamanga lokha pokhota.

Matayala akhale a mainchesi 20, a njinga zing'onozing'ono zamasewera za BMX. Njinga wamba imapendekeka pokhota, iyi sipendekeka, choncho mphamvu yonse imakankha limu cham'mbali ndipo tayala la mainchesi 28 limapindika. Ekiselo wamba ya 10 mm nayo imapindika ikagwiridwa mbali imodzi yokha. Sakani ya 14 mm kapena kuposerapo.

Kutsogolo, tayala la m'kati liyenera kukhota kwambiri kuposa linzake. Imeneyi ndi mfundo ya Ackermann, ndipo ulusi ndi wokwanira kuipeza. Kokani ulusi kuchokera pa bauti imene tayala limatembenukirapo kukafika pakatikati pa ekiselo ya kumbuyo, kankono ka chiwongolero, kachitsulo kamene kamatembenuza tayala, katsate ulusiwo. Mabauti awiriwo akatalikirana 75 cm, ndipo kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa ekiselo ya kumbuyo kukakhala 150 cm, kankonoko kamapendekera m'kati ndi madigiri 14. Mukakasiya kowongoka, matayala amatha ngati mwawapala ndi tupa.

Magiya awerengedwe ndi zitunda zathu. Tayala la 20 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 1.6. Mano 32 pa giya ya kumapedulo ndi 28 pa giya ya kumbuyo amapereka mamita 1.8 mapedulo akazungulira kamodzi. Ndi pang'ono ndithu, koma pano simungaimirire pa mapedulo, ndiye giya yotere ndi imene ingakweze nthochi kapena nanazi pa chitunda.

Mabuleki asachedwe kuganiziridwa. Chiperoni chikanyowetsa limu, mphira sugwira, choncho a disiki kapena a m'habu, pakati pa tayala, ndi abwino. Matayala awiri a pa ekiselo imodzi agwire mofanana, apo ayi njinga imathawira mbali imodzi potsetsereka.