Zovala kumutu za mikango ya ku Lyceum Theatre, London

Mukatsika sitima ya pansi pa nthaka pa Covent Garden, muyenda mphindi zisanu zokha kuti mufike pa Lyceum Theatre mu Wellington Street, pomwe sewero loimba la The Lion King lakhala likuonetsedwa kuyambira 1999. Ngati mwapitira zovala za kumutu, nkhani yayikulu ndi mpando umene mwagula.

Julie Taymor ndi Michael Curry, amene anapanga zigoba za mikangozi sewerolo likuyamba ku America mu 1997, anaziika pamwamba pa mutu, nkhope ya wosewera n'kuisiya poyera. Ife tinazolowera chigoba chobisa munthu, ndiye poyamba maso amasowa pogwira: kodi tiyang'ane mkango kapena munthuyo? Muyenera kuona zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo zimatheka bwino mukakhala m'mipando ya pansi, chapakati, kapena m'mizere yoyambirira ya Royal Circle, gawo loyamba la mipando ya m'mwamba. Ku Grand Circle, gawo la pamwamba kwambiri, n'kotchipirako, koma kuchokera kumwambako chigoba chimaphimba nkhope. Mipando ya pansi ya m'mphepete mwa kanjira ili ndi mwayi wake, chifukwa nyama zimadutsa pomwepo sewero likamayamba.

Zigobazi zimaoneka ngati zosema pamtengo, koma ndi za carbon fibre, chipangizo chopepuka koma cholimba. Amayamba kuumba ndi dongo, n'kutenga chikombole, kenako kupaka utoto wofanizira mtengo. Cha Mufasa, mfumu ya mikango, chimalemera magalamu pafupifupi 300, cha Scar, m'bale wake woipa mtima, pafupifupi 200. Cha Mufasa n'chozungulira ngati dzuwa, mbali zake n'zofanana. Cha Scar n'chopendekeka, chakuthwa m'mbali, moti khalidwe lake mumalidziwa asanatsegule pakamwa. Ziwirizi zimakhala pa kamkono koyendera timainjini tating'ono ndi batire, ndipo wosewera amakawongolera ndi kachipangizo kobisika m'dzanja. Mikango ikayambana, munthu amawerama, chigoba n'kutsetsereka kutsogolo kwa nkhope yake.

Kupepukako kusakunamizeni. Magalamu 300 akapita kutsogolo kwa chipumi amakoka khosi, ndipo sewero ndi la maola awiri ndi theka kuphatikiza nthawi yopuma. N'chifukwa chake kachipewa ka mkati kamayezedwa pamutu wa mwiniwake. Kakakhala kokhwepa, thukuta limakatereretsa povina ndipo maso a mkango amayang'ana kumbali. Kakathina, mutu umayamba kuwawa sewero lisanafike pakati. Maikolofoni nayo imafuna malo ake pachipumi pomwepo.

Yang'aniraninso ovina amene amasenza mathireyi a udzu pamutu kuti akhale tchire. Msana chilili, khosi osagwedeza, monga amayendera mayi amene wasenza ndowa pankhata. Mikango yaikazi ikamalira maliro a Mufasa imasolola nsalu zazitali zoyera kuchokera m'maso mwa zigoba zawo, ndiyo misozi imeneyo. Kujambula mkati n'koletsedwa, choncho ngati mpando wanu uli kutali tengani kabainokyula kakang'ono.