Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Bolopeni Yofiira ya Bambo

Ndinakuuzani m'gawo lapitali kuti bambo atapuma pa ntchito ya uphunzitsi anabwerera kumudzi kwathu ku Ntcheu ndi sutikesi imodzi ya zovala ndi makatoni atatu a mabuku. Chimene sindinakuuzeni ndi mawu amene anayankhula madzulo ena tikuwotcha chimanga pakhonde. Anati, "Mwanawe, mapu a dziko lino ndawajambula pa bolodi zaka zoposa 30, koma kumpoto sindinapitirirepo Kasungu." Atatero anapitiriza kusonkheza moto ngati sananene kanthu. Ine mawuwo anandilasa mumtima. Munthu amene anakhozetsa ana ambirimbiri funso la Livingstonia anali asanapondeko phazi.

Nditalandira ndalama ya chipereganyu kuntchito, ndinapempha tchuthi cha masiku 7 m'mwezi wa Ogasiti, misewu itauma, ndipo alamu anga anandibwereka kagalimoto kawo. Apa m'pamene panatulukira vuto: tikaima pati? Aliyense amene ndinamuuza za ulendowu anali ndi malo ake. Wina amvekere musasiye Cape Maclear, wina akuti kupita kumpoto osafika ku Nyika n'kutaya mafuta, wina akuti kwerani Ilala mukaone Likoma. Ndinalemba zonse m'kope, malo oposa 20, n'kupita nazo kumudzi.

Bambo anavala magalasi, n'kutulutsa bolopeni yofiira m'thumba la malaya, yomwe ija ankachongera makope. Anayamba kudula mzere ndi mzere. Ndinati, "Bambo, mukumaliza ulendo wonse tisananyamuke." Iwo anati, "Ine sindikupita kukajambulitsa zithunzi. Ndikufuna ndikaone zimene ndinkalembetsa ana pa mayeso."

Kunena zoona, kudula Nyika kunandiwawa, chifukwa ndinkafunitsitsa kukaona mbidzi pa zitunda zija. Koma msewu wochoka ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi wafumbi, wautali, ndipo kagalimoto kobwereka sukapita nako kotero. Ilala ili ndi masiku ake, siyendera tchuthi cha munthu. Zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene zili pa malo 127 ndipo UNESCO inaziika pa mndandanda wake mu 2006, bambo anati, "Dedza ndi pakhomo, tidzapita pa minibasi." Papepala panatsala maina asanu: Mua, Nkhotakota, Bandawe, Livingstonia ndi Karonga. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti onse ali pa mzere umodzi, kutsata nyanja. Palibe pobwerera m'mbuyo. Mphunzitsi anali atakonza kale dongosolo la phunziro lake.

Tinanyamuka mbandakucha, mayi atatipakira nkhuku yokazinga ndi mbatata yophika. Tinasiya M1 pa Masasa n'kutsika phiri la Golomoti mpaka kukalowa M5. Ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anaitsegula mu 1902, tinalowa m'nyumba ya Chamare ya ku Kungoni, malo amene anayambitsa Bambo Claude Boucher, omwe anthu ankawatcha Achisale. Alendo ambiri amathamangira chipinda cha zigoba za Gule Wamkulu, ndipo n'chodabwitsadi, nkhope mazanamazana zikukuyang'ana nthawi imodzi. Koma bambo, pokhala Mngoni, anakakamira chipinda cha Angoni, pa zishango ndi mikondo, n'kuyamba kufotokozera wotiyendetsa uja za Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Mnyamatayo anamvetsera mwaulemu mpaka mapeto. Ola limene ndinaika papepala linasanduka maola atatu, ndipo ndinayamika kuti malo ena aja tinawadula.

Ku Nkhotakota tinafika mawa lake, mwera ukuwomba. Anatilozera mkuyu wakale umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe. Bambo anavula chipewa, n'kunditembenukira. "Chaka chanji?" Ndinayankha ngati mwana wa sitandade 7, "1863." Anagwedeza mutu. Titatsikira kugombe anaima nthawi yaitali akuyang'ana mafunde. Kuchokera pamenepa zombo za Jumbe zinkawolotsa anthu ogwidwa ukapolo kupita tsidya lija, kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. Tsiku limenelo tsidyalo silinkaoneka n'komwe, madzi okhaokha mpaka kukakumana ndi thambo. Bambo anati, "Ndinkangowauza ana kuti ankawoloka nyanja. Sindinkadziwa kuti ndikunena madzi ochuluka chonchi." Nkhomaliro ya mpunga ndi chambo anaidya mwakachetechete.

Tinadutsa minda ya nzimbe ya Dwangwa osaima. Ku Bandawe tinakaona tchalitchi chakale ndi manda a amishonale, ena anamwalira akadali achinyamata ndithu. Malungo ndiwo anawasamutsa ku Cape Maclear, kumene anafikira mu 1875, kubwera pano mu 1881, ndipo malungo omwewo anawatsatira. Tisanafike ku Nkhata Bay tinalowa m'nkhalango ya mitengo ya labala, ana ataima m'mbali mwa msewu akudumphitsa mipira yawo yoyera. Bambo anagula umodzi wa adzukulu. Tinagona ku Mzuzu, kuzizira kwake ngati kwathu ku Tsangano.

Tsiku lachinayi tinatsika Chiweta, nyanja ikubisala n'kuonekeranso pa kona iliyonse. Pa Chitimba ndinasiya galimoto pa malo ena ogona alendo, chifukwa msewu wa Gorodi si wa kagalimoto kapansi. Tinakwera matola. Dalaivala ataona imvi za bambo anati, "Adada, khalani kutsogolo," ine n'kukwera kumbuyo pamwamba pa matumba a ufa ndi mabasiketi a usipa. Makona ake ndi 20, okhota ngati chigongono, ndipo pa ena galimoto imayenera kubwerera m'mbuyo kaye kuti ikhote, tayala lili pamphepete penipeni pa phompho. Mayi wina amene ndinayandikana naye ankangosenda nthochi n'kumadyetsa mwana wake. Ndikasuzumira pa galasi ndinkaona milomo ya bambo ikuyenda, akuwerenga makona.

Tinatsikira pa mathithi a Manchewe, pamene madzi amagwa mamita pafupifupi 125. Anyamata a pamalopo anatiuza za phanga la kuseri kwa madzi, mmene Aphoka ankabisala Angoni akabwera ndi nkhondo. Bambo sakanatha kutsikirako, mawondo anali atayamba kale kuvuta. Anakhala pa mwala n'kundiuza kuti, "Pita iweyo, ukandionere." Ndinatsika ndikugwira mizu. M'kati munali mdima, monyowa, phokoso la madzi loti sungamve mwana akulira. Ndinamvetsa chifukwa chake ankabisala mmenemo. Nditakwera ndinawafotokozera zonse, ndipo anati, "Tsiku lija ku Mua ndinanyadira zishango. Lero ndaona kumene ankathawira anthu akaziona." Inde, amene ankafika kuno anali Angoni a kumpoto, ife ndife a Maseko, koma bambo sanafune kudzipatula.

Pamwamba pa Khondowe, pamene Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia mu 1894, tinayenda pang'onopang'ono pakati pa nyumba za njerwa zofiira mpaka ku Stone House, nyumba imene Laws ankakhala, yomwe tsopano amasungiramo zinthu zakale. Pabwalo pake pali malemba a pansi akuti Ephesians 2:14. Mu 1959, pa nthawi ya chipwirikiti cha State of Emergency, ndege ya boma inaponya uthenga kufunsa azungu a pamishoni ngati akufuna kuwachotsa. Yankho lawo, akuda ndi azungu pamodzi, linali vesi limeneli, lolembedwa pansi kuti a m'ndege awerenge: Khristu ndiye mtendere wathu, anagumula khoma lotilekanitsa. Nkhani imeneyi bambo anali asanaiphunzitsepo. Anapempha wotiyendetsa kuti aibwereze, iwo akulemba kuseri kwa pepala lija.

Dzuwa likupendeka tinakaima kumphepete kwa phiri. Nyanja inali pansi kutali, mabwato ngati nyerere, ndipo mapiri a ku Tanzania ankaoneka mwa chizimezime. Bambo anandigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo chikulire changa. "Pa bolodi ndinkangoika kadontho pafupi ndi nyanja," anatero. "Palibe mwana amene ndinamuuza kuti n'kumwamba chonchi."

Usiku umenewo anatulutsa bolopeni yofiira ija n'kuchonga dzina lachinayi. Linatsala la Karonga, kumene ankafuna kukaona mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana, ndi malo a nkhondo ya Mlozi, wogulitsa akapolo. Koma m'mawa mwake, titatsika Gorodi, tinapeza kagalimoto ka alamu anga kakukana kulira, m'thumba mutatsala ndalama ya mafuta obwererera yokha.