DVD ya timu yathu yatuluka, zikomo nonse koma makamaka mayi athu a majezi

Abale anga yatuluka. Filimu ija yatuluka ndithu. Ndikulemba izi 2 koloko usiku ndili pamkeka, makatoni a ma DVD ali pakona apo, zala zikununkha guluu, maso akuwawa koma tulo sitikubwera. Dzulo ku holo kuja atandipatsa maiki ndinangoti zikomo basi pakhosi nkutseka, anyamata nkuyamba kukuwa kuti kameramani walira, kameramani walira kkkk. Ndiye zomwe zinandikanika dzulo ndinene pano.

Ambiri mukudziwa mmene zinayambira. January 2022 tili mu vidiyo sho tonse ndi anyamata a timu, Flames ikusewera ndi Morocco ku Cameroon, Gabadinho Mhango nkumenya chigoli chija cha patali chija. Benchi inathyoka tsiku limenelo. Tinaluza 2-1 koma palibe anagona. Mmawa mwake ndikudutsa pa graundi ndinapeza anyamata omwewo ali pa trening'i, awiri akubwerekana nsapato, wina akatuluka avule mnzake avale, mpira umodzi wokha nawonso wosokedwa ndi ulusi wa matumba. Ndinaima pamenepo nkumati chigoli aliyense wachiona pa TV, koma izizi amaziona ndani? Ine munthu wojambula maukwati ndi zinkhoswe, kamera imodzi, mabatire awiri, ndinadziuza kuti miyezi itatu ndamaliza. Miyezi itatu! Mwana wanga amene anali kumsana nthawi imeneyo pano akupita ku sukulu ya mkaka.

Poyamba akochi anakana. Ndipo sindiwada, mchipinda chovalira mumanenedwa zinthu zoti kunja zisamveke, komanso anyamata ena ankati kamera imabweretsa minyama. Masabata atatu ndinkangojambula kunja kwa mzere ngati sapota wamba. Amene ananditsegulira chitseko ndi mayi athu a majezi. Dzina sinditchula, anandiletsa, koma aliyense wa kuno akuwadziwa, mayi amene akhala akuchapa yunifomu ya timu kuyambira ena mwa osewerawa asanabadwe, sopo nthawi zambiri wa mthumba mwawo. Tsiku lina anatula beseni pansi nkuwauza akochi pamaso pa aliyense kuti, akochi musiyeni mwanayu alowe, ife tikadzapita adzukulu adzaona chani, adzangomva kuti kunali timu? Akochi anangoti chabwino mayi. Palibe amatsutsana nawo mayi amene aja, ngakhale tcheyamani.

Ndiye ndinalowa. Chipinda chovaliracho mukachiona mufilimu ndi kalasi ya Sitandade 4, anyamata atakhala pa madesiki mawondo kufika mchibwano, akochi akujambula 4-4-2 ndi choko pambali pa masamu a ana osafufuta, hafu taimu mbale ya malalanje oduladula ikuzungulira, golokipa ali pakona akumanga chala ndi selotepi. Ndimo mmene ndinaphunzira kuti mpira wa madivishoni a mmunsi si wa mphindi 90 ayi. Ndi wa Lachinayi usiku komiti ikuwerengetsa ndalama ya lole, ndi wa mnyamata amene wachoka ku ganyu yoswa miyala 1 koloko kuti 3 koloko akamake sitiraika. Ulendo wa ku Chikwawa uja nonse mwauseka dzulo, lole kutsika zikhotakhota zija mabuleki akununkha, anyamata akuimba nyimbo za kwaya chifukwa cha mantha, titafika kumunsi kutentha koti nsapato kumata pansi, ndipo tinakagoletsedwa zitatu. Pobwerera palibe anayankhula mpaka kumtunda. Chete ameneyo ndamusiya momwemo mufilimu, mphindi ziwiri zathunthu, ena ankati dula ine ndinakana.

Mawu ankandivuta kwambiri, pa graundi pathu mphepo ndi yosasewera nayo, ukamvera usiku umangomva fuuu fuuu. Mayi ndi amene anati bwanji osaiveka sokosi maikiyo, nkundipatsa sokosi yakale ya golokipa yoti inzake inasowa. Mpaka lero ili pa maiki pomwepo, yobiriwira, yochapidwa bwino.

Kenako namondwe wa Freddy, March 2023. Apa sindinena zambiri, ife a mmunsi mwa phiri la Soche tikudziwa zimene tinaona usiku umene uja ndipo ena mwa inu munaika abale anu mmanda, ena simunawapeze nkomwe. Mzimu wawo uuse mumtendere. Ine banja linapulumuka, Mulungu alemekezeke, koma nyumba inalowa matope mpaka mawindo, laputopu ndi hadi disiki momwe munali ntchito yonse ya chaka chathunthu zinapita. Ndipo kunena zoona sindinadandaule nkomwe masiku oyambawo, ungalire filimu anzako akulira ana? Ndinangoti basi zatha, Mulungu sanalole.

Chimene ndinaiwala nchoti mabatire ndinkatchaja kwa mayi chifukwa ali ndi kasola, ndiye memori khadi ikadzadza ndinkangoisiya pawindo pawo nkutenga ina, ulesi chabe, ndinkati ndidzafufuta mawa. Patatha masabata awiri tili pa kampu pa sukulu paja, mkalasi momwe muja timavalira, anthu atagona mbali ndi mbali, mayi anandikodola. Anamasula chitenje, mkati muli chitini cha mkaka, mchitinimo muli chiphaso chawo, kabuku ka banki mkhonde, ndi kajumbo ka shuga komanga mfundo ziwiri. Anati, tinthu tanu tija iti, ndinaona kuti mumatisamala. Abale. Usiku wa madzi uja, mdima, mayi wamkulu akuthawa ndi adzukulu awiri, anakumbuka kutola timakhadi ta ine pawindo. Mabulangete anasiya, mapoto anasiya. Sankadziwa nkomwe kuti timagwira ntchito bwanji. Ndinakhala pansi pa simenti nkulira ngati mwana, iwo nkumati iii bambo inu anthu akuonani.

Makhadi anali 11, anatseguka 9. Awiri amene anafawo ndi momwe munali gemu ija tinawina anzathu a tsidya 1-0 mphindi yomaliza, ndiye amene mwafunsa kuti bwanji chigoli chotchuka chija sichikuoneka, nchifukwa chake. Mmalo mwake ndinaika mawu a pafoni amene sapota wina anajambula foni ili mthumba, chiphokoso chokhachokha, kenako anthu asanu ndi awiri akufotokoza mmene chinalowera, aliyense zake, wina akuti ndi mutu wina akuti ndi bondo, mwini wake akuti anachita dala kkkk. Pamapeto pake malo amenewo ndi amene anthu anaseka kwambiri dzulo.

Kuyambiranso edit sinali ntchito yamasewera. Laputopu yobwereka yoti mwini wake amaifuna 6 koloko mmawa, magetsi kuzima kompyuta itatsala pang'ono kumaliza kutulutsa filimu, ili pa 90%, katatu konse, mpaka mayi a kunyumba anandiuza kuti ukayambanso kuyankhula ndi kompyuta usiku ndikupita kwathu. Nditamaliza nkupita kukafunsa mtengo wa ma DVD opanda kanthu ndi makava, ndinapatsidwa mtengo, ndikusonkhanitsa ndalama kwacha nkugwa ndi 44% November 2023, kubwerera konkuja mtengo wina, ndalama yanga yosakwana ndi theka lomwe. Ndinaisiyanso ntchitoyo miyezi yambiri, ndinabwerera ku maukwati. Ndipo ndi mayi omwewo amene anabwera kunyumba mmawa wina osagogoda nkomwe, atatenga ngongole ku banki mkhonde mdzina lawo, nkuika patebulo. Ndinakana, anati kodi ndakufunsani? Mudzabweza filimu ikagulidwa, ikapanda kugulidwa mudzandithandiza kuchapa. Mayi, ndalama yoyamba ya dzulo ndaiika kale mu envelopu, sindinachotsepo ngakhale ya kabaza, ndibwera nayo mmawa musanapite ku mjigo.

Ena mukufunsa kuti bwanji DVD zaka zino, bwanji osangoponya pa YouTube. Aise, agogo a golokipa wathu bundle aitenga kuti? Anthu amene ali mufilimuyi ambiri amaonera mu vidiyo sho kapena pa ka DVD player ka kwa aneba, ndipo ndinkafuna chinthu choti munthu agwire mmanja, aike mu kabati pamodzi ndi ya ukwati. DVD wamba imalowa 4.7GB basi ndiye ndinachita kufinya kuti filimu ya ola limodzi ndi mphindi 38 ikwane osaphwanyika zithunzi, zotsala monga nyimbo zonse za mu lole ndi akochi akuvina zili pa fulashi. Pa intaneti idzabwera, koma ngongole ya mayi ithe kaye. Ndipo inu achimwene anga oburner mumsika, ndimakudziwani ndipo mumandidziwa, chonde iyi yokha isiyeni. Ndalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, yeniyeni ili ndi sitika yonyezimira ija pa kava. Mukaiburner simukubera ine, mukubera beseni la mayi aja.

Anyamata a timu, zikomo. Munandilola kujambula mukulira, mukutukwanizana za bonasi imene sinabwere, wina akuuza akochi kuti akusiya mpira apite ku Joni. Aliyense ndinamuonetsa mbali yake isanatuluke ndipo amene anati chotsa ndinachotsa. Za pageti zija, zodumpha mpanda zija ndi za mkabotolo zija sizilimo, mtima pansi, ngakhale mukudziwa maganizo anga, tinadumpha mpanda koma zitatu zinalowabe. Akochi, pepani pa mawu aja a hafu taimu, ndaika kabelu malo asanu ndi limodzi kuti apongozi anu athe kuonera. Ahedi amene munatilola kalasi ndi holo, zikomo. Achemwali amene munalemba mawu a Chingerezi pansi kuti ana a abale athu a ku UK amve, munavutika ndi mawu oti kuphula ngozi mpaka kundiimbira 11 koloko usiku, zikomo. Achimwene a ku Johannesburg amene munatumiza hadi disiki yatsopano pa basi itakulungidwa mmatewera, yafika ntchito yake. A kwaya amene munaimba nyimbo yotsekera osalandira kanthu, mnyamata wa kabaza amene unkandinyamula ndi thirayipodi pangongole, ndi inu mayi a kunyumba amene munagulitsa mbuzi yanu osandiuza, ndinadziwa, mlamu anaulula.

Koma palinso ena. Aja a ndikutumizira pa Mpamba mawa, mawa lake mpaka lero. Aja anabwera nthawi ya kampeni ndi majezi a nkhope yawo kumsana nkujambulitsa, titawaimbira za filimu foni nkumangoitana. Dzulo ndinawaona ena atakhala kutsogolo mipando ya alendo olemekezeka, potuluka nkumati tipatseniko imodzi yaulere ife ndi eni timu. Sindikukwiya ayi, Mulungu akudalitseni, mtengo wake ndi womwewo wa aliyense.

Ambuye Yesu, inu amene munasunga timakhadi mchitini cha mkaka pakati pa madzi, asungeni mayi amenewa. Muwapatse mawondo olimba ndi masiku ambiri, adzukulu awo aphunzire, denga lawo lisadonthenso. Amen.

Chimene sindidzaiwala dzulo ndi pamene mbali yawo inafika. Ndinawajambula tsiku lina mmamawa osadziwa, ali pa mjigo, majezi ali mulu, akutikita nambala 9 pamwala uku akuyankhula okha kuti mwana ameneyu amagwa dala kuti ndivutike. Kenako akuyanika pa chingwe motsatana manambala, 1 mpaka 18, osasokoneza. Holo yonse inaimirira, anyamata kumenya madesiki, amayi nthungululu, iwo anangodziphimba kumaso ndi chitenje osafuna kuona. Titatuluka ndinkayembekeza kuti mwina anena kuti mwachita bwino. Anandikokera pambali nkuti, zitenje zonse ndili nazo inu nkusankha tsiku limene ndavala chong'ambika? Kenako anati nanga atsikana aja amasewera pa graundi anyamata akachoka, muwajambula liti, kapena mukudikira afike kaye kumene kuli Tabitha ndi Temwa Chawinga ndiye muzidzathamanga ndi kamera? Scorchers inatenga chikho cha COSAFA 2023 inu muli chigonere. Mayi ndamva, koma ndipumeko kaye mwezi umodzi chonde.

Ma DVD ndi mafulashi ndikhala nawo pa graundi Loweruka gemu isanayambe, a kutali ndilembereni ku inbox tikambirane za basi. Osewera aliyense yake ndi yaulere koma abwere yekha, osatuma mng'ono wake kawiri. Ndipo amene watenga chitini cha mkaka chija patebulo la ku holo, tinachiika dala kuti anthu achione, si chotaya, mwini wake akuchifuna lero lomwe, kabuku ka banki mkhonde kalibe pokhala.