Chip chimene chinkagwira ntchito m'mawa wokha

Amene amadutsa pa Chitakale popita ku Muloza kapena pokhotera ku Likhubula mwina anaiona shopu yathu koma osaiyika kumtima. Ndi kachipinda kamodzi, khomo lake linapenya kuphiri, ndipo pakhonde pamakhala mawailesi amene eni ake anawaiwala kalekale. Ndinayamba ndi mawailesi ndi ma TV a msana aja. Mafoni atachuluka ndinaphunzira kusintha masikirini ndi pochajira, ndipo kunena zoona mpaka lero nsima yathu yambiri imachokera kumeneko.

Tili awiri, ine ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene anaphunzira zamagetsi ku yunivesite koma ntchito osaiona. Anabwera mu 2022, chaka chimene namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale, magetsi n'kumangozimazima, ife n'kumalandira ma inverter opserera tsiku ndi tsiku. Ndinkaganiza kuti azindisungira kaundula wa ngongole. M'chikwama mwake munali kanthu kooneka ngati fulashi yaitali, kolembedwa iCEstick. Madzulo ankakalumikiza ku laputopu n'kumaphethiritsa timagetsi take tisanu. Ine ndinkangoti ndi choseweretsa cha ana a sukulu.

Tsiku lina kunafika bambo wina wa ku Luchenza amene amalonga mchere ndi nsinjiro m'timapaketi ta pulasitiki. Makina ake anawagula ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Joni. Anamasula chitenje cha mkazi wake patebulo, m'katimo muli bolodi lobiriwira lonunkha mtedza.

"Achimwene, makina angawa ali ndi ziwanda," anatero. "M'mawa amagwira bwinobwino. Dzuwa likangokwera ayamba kudula paketi pakati, kapena kuthira mchere pansi asanamate. Koma kukakhala chiperoni amagwira mpaka madzulo."

Ndinachita zimene mmisiri aliyense angachite. Ndinasintha ma capacitor otupa, ndinayeza magetsi ndi mita, ndinawotchereranso mtovu pamalo okayikitsa. Bolodi linapita, linabwerera. Ulendo wachitatu ndinapita nawo ku Luchenza ndipo chala changa ndi chimene chinapeza vuto: chip chimodzi cha miyendo 20 chinkatentha moti sungachigwire nthawi yaitali. Nditayang'ana nambala yake kuti ndiitanitse china ndinapeza kuti pamwamba pake panali popalidwa ndi sandipepa. Opanga makinawo anafufuta dala.

Mtsikanayu ataona m'mene chinalumikizidwira anati ndi cha mtundu wakale wotchedwa PAL kapena GAL. "Amalume, ngakhale titaidziwa nambala, chatsopano chimabwera chopanda kanthu m'mutu. Zimene zili m'katimu anaziikamo ndi eni ake." Eni akewo tinawalembera kawiri, yankho silinabwere. Bambo uja anali atayamba kufunsa mtengo wa makina atsopano, koma ndalama zakunja zinali zitasowa, kwacha itagwa mu Meyi chaka chomwecho.

Apa ndi pamene choseweretsa chija chinatuluka m'chikwama. Chip cha pa iCEstick ndi FPGA yopangidwa ndi kampani ya Lattice ya ku America, dzina lake iCE40 HX1K. FPGA si yachilendo, kampani ya Xilinx inatulutsa yoyamba mu 1985, koma ine ndinali ndisanaigwirepo. Iye anandifotokozera ndi za kuno kwathu. Anati chip cha mu Arduino, kabolodi kotchuka kophunzirira zamagetsi, chili ngati munthu mmodzi wothamanga kwambiri amene amawerenga malangizo mzere ndi mzere. FPGA ili ngati gulu la othyola tiyi pa esiteti, aliyense pamzere wake, manja onse akugwira nthawi imodzi. Mu HX1K muli tizipinda 1,280. Kalikonse kamalandira zizindikiro zinayi n'kutulutsa yankho limodzi, ndipo kamatha kusunga kanthu kamodzi, eya kapena ayi. Iweyo umangonena kuti kachipinda aka kachite zakuti, kalumikizane ndi kakuti. Ukatero chipcho chimasanduka chimene wachiuza, ngakhale chip cha anthu ena chimene chinasiya kupangidwa.

Kusukulu kwawo, polemba malangizo a FPGA, ankagwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ina yaikulu. Anayesapo kuitsitsa kunyumba. Ndi ya ma gigabyte makumi angapo, ndipo usiku wachiwiri magetsi atazima zonse zinabwerera pachiyambi, bandulo itapita. Ikanalowa, laputopu yathu yakaleyi sikanaikwanitsa. Mapulogalamu ena otere amafunanso laisensi yomangiriridwa ku kompyuta imodzi. Zimene tinagwiritsa ntchito ife zinalowa ndi bandulo ya usiku umodzi pa Linux, popanda kulembetsa dzina kulikonse.

Ndizitchule, chifukwa anyamata amene amabwera kudzafunsa amafuna mayina. Malangizo amalembedwa m'chinenero cha Verilog. Usanakhudze chip chenicheni umayesa kaye ndi Icarus Verilog, ndipo GTKWave imakuonetsa zizindikirozo ngati mizere yokwera ndi kutsika. Ukakhutira, Yosys imaphwanya zolemba zako kukhala tizipinda tija. Kenako nextpnr, imene mwana wa mlongo wangayu amaitcha kapitawo, imagawa malo: uyu akhale apa, waya wake udutse uku. Icepack imamanga zonse kukhala fayilo imodzi, iceprog n'kuitumiza pa bolodi. Yosys anaiyamba Claire Wolf wa ku Austria. Yemweyo ndi anzake ndi amene anakhala pansi kufufuza m'mene fayilo yolowa mu iCE40 imasanjidwira, zimene kampani sinkazifalitsa, ndipo mu 2015 anazitulutsa poyera pansi pa dzina la Project IceStorm. Nditamva zimenezi ndinaseka, chifukwa ntchito imene inatiyembekezera ku Luchenza inali yomweyo, kungoti yathu inali yaing'ono.

Chip chodwala chija chinali ndi ubwino umodzi, chinkanena zoona m'mawa. Ndiye masiku atatu tinkagona ku Luchenza n'kudzuka tambala woyamba. Tinali ndi kachipangizo kotchipa ka mawaya asanu ndi atatu komvetsera zizindikiro, kogwira ntchito ndi pulogalamu ya PulseView, nayonso yaulere. Iye ankagwira laputopu, ine n'kumakanikiza kachitsulo ka aluminiyamu kochokera mu wailesi yakufa pamsana pa chip kuti chichedwe kutentha. Mawaya asanu ndi atatu sakwanira miyendo yonse, choncho tinkamvetsera gulu limodzi, kuzimitsa, kusuntha timano, kuyambanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi a pakhomopo ankatibweretsera tiyi ndi chinangwa chophika, akudabwa anthu awiri ongoyang'anitsitsa mizere pagalasi pamene makina akutafuna pulasitiki wawo.

Pofika tsiku lachitatu nkhani inaoneka. Pali kadiso kamene kamaona chidontho chakuda pa pulasitiki. Kakachiona, mota yokoka imaima, nsagwada zotentha zimaluma n'kumata, mpeni umadula, kenako chikho chimathira. Chip chonse chija ntchito yake inali kusunga dongosolo limeneli ndi kukana kuti mpeni utsike nsagwada zisanatseke. Zolemba zake zonse zinakwana masamba awiri. Titaziyesa pa laputopu, mizere yathu inagona ndendende pamwamba pa mizere ya m'mawa ija.

Kenako ine ndinaononga. Bolodi lakale limayendera ma volt 5, pamene miyendo ya iCE40 imafuna 3.3. Mtsikanayu anandiuza kawiri kuti tidikire tizipangizo totsitsa mphamvu. Koma bambo uja ankaimba foni m'mawa ndi madzulo, ndipo ine, zaka zonsezi ndikugwira mtovu, ndinati kuyesa kwa mphindi imodzi sikungaphe kanthu. Mtsikanayu atapita kumsika ndinalumikiza. Panalibe utsi, panalibe fungo, koma miyendo itatu sinayankhenso. Atabwera anayang'ana mawaya, anandiyang'ana ine, ndipo anangoti, "Amalume, mwadya kale?" Mawu ena sanawonjezere, ndipo zinandipweteka kuposa kundikalipira. Tinadikira milungu isanu kuti wachibale wochokera ku Joni atibweretsere timabolodi tina, ndalama yake yotuluka m'thumba langa.

Titamanga bwino panatsala vuto limodzi limene silinaoneke pa laputopu. iCE40 imaiwala zonse magetsi akazima. Akayaka imawerenganso malangizo kuchokera mu kachip kena kosungira kamene kali pambali pake. Zimatenga kanthawi kochepa kuposa kuphethira, koma m'kanthawi kameneko miyendo yake imakhala isanalandire lamulo, ndipo nsagwada zija zinkamenyana kamodzi, phaa, nthawi iliyonse tikayatsa. Kuno kumene magetsi amapita n'kubwera osagogoda, chimenecho chikanadzadula chala cha munthu. Chip chili ndi mwendo wotchedwa CDONE umene umadzuka chikamaliza kuwerenga, choncho tinaika relay, swichi yoyendetsedwa ndi magetsi, yoti mphamvu isafike ku nsagwada mwendowo usanadzuke. Mbali imeneyo ndinaipanga ine, ndipo ndimaitchula kawirikawiri kuti anthu asamangokumbukira za ma volt 5.

Makina atayenda tsiku lonse dzuwa lili phwee, ndinatenga sandipepa. Sindinaganize n'komwe, dzanja linangopita lokha. Mmisiri wamng'ono amadya zimene akudziwa, ndipo ku Limbe kuli anyamata ochenjera amene akangoona nambala mawa akupanga zawo. Mtsikanayu anandigwira mkono.

"Amalume, ndiye tasiyana pati ndi anthu aja?"

"Iwe, anthu aja anali ndi fakitale. Ife tili ndi kachipinda ka lendi."

"Nanga inu mukadwala, ine ndikapita, bambowa adzalowera kuti? Yosys tinaipeza bwanji ife?"

Tinakangana njira yonse mu minibasi mpaka pa Chitakale. Mpaka lero sindinavomereze zonse. Amene amagawa mapulogalamu awo kwaulere ku Ulaya ambiri ali ndi malipiro kwina, ine ndilibe. Koma nambala sindinaipale. Tinagwirizana kuti ntchito timalipiritsa mokwanira, osachita manyazi, ndipo m'kati mwa chitseko cha makina timamatamo envelopu yokhala ndi masamba awiri aja ndi chithunzi cha m'mene mawaya ayendera. Kope lina limakhala m'foni mwake, lina mu laputopu.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula imene aliyense wa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo sadzaiwala, ndipo za anthu amene tinataya sindilemba pano. Kwa bambo uja denga la shedi linasasuka, madzi analowa m'bokosi la magetsi, bolodi lathu n'kuchita dzimbiri. Misewu itatseguka anabwera nkhope ili pansi, akuganiza kuti tiyambiranso za tambala woyamba zija. Tinatenga bolodi lina m'dirowa, tinatsegula fayilo yakale, ndipo nextpnr inamaliza ntchito yake madzi a tiyi asanawire. Chimene chinatenga masiku awiri ndi kuwotcherera mawaya basi. Envelopu ija inanyowa koma inkawerengeka.

Ena amva nkhaniyi ndipo amabwera akufuna FPGA pa chilichonse. Ambiri ndimawabweza. Alamu ya pakhomo, chozimitsa pampu thanki ikadzaza, chofungatira mazira, zonsezi Arduino imachita motchipa ndipo mnyamata aliyense wa ku koleji angakukonzereni. Ngakhale makina a ku Luchenza akanatheka ndi Arduino, mtsikanayu anavomera yekha nditamupanikiza. Tinasankha FPGA chifukwa inkalowa m'malo mwa chip chakufa mwendo ndi mwendo, osasintha china chilichonse pa bolodi. Zida zaulerezi nazonso sizidziwa chip chilichonse. Zimayenda bwino ndi iCE40, ndi ECP5 kudzera mu Project Trellis, komanso ndi zina za kampani ya Gowin kudzera mu Apicula, zimene zili pa timabolodi totchipa ta Tang Nano. Ndiye ife timayamba tafunsa ngati zida zathu zikuchidziwa chip tisanagule. Kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinasiya kusunga masipeyala a mitundumitundu a makina akale. M'dirowa mumakhala timabolodi tinayi tofanana, ndipo kawiri kapena katatu pachaka kamodzi kamasanduka chinthu chimene sichikupezekanso.

Tsopano mtsikanayu waitanidwa ku Blantyre kukayesedwa ntchito, ndipo ndikuona kuti amutenga. Ndiye madzulo tikatseka amandikhazika pa laputopu, magalasi ali pamphuno. Tsabola wakale sawawa, amatero anthu, koma ndikuyesa. Ntchito yanga yoyamba ndi kachipangizo koyeza ngati jenereta ikuthamanga moyenera. Wotchi ya pa bolodi imagunda ka 12 miliyoni pa sekondi, magetsi athu amazungulira ka 50, choncho pa kuzungulira kumodzi ndiyenera kuwerenga 240,000. Ikachepa nambalayo ndiye kuti jenereta yathamangitsa, ikachuluka yalemedwa.

Dzulo ndinalemba ndekha, ndinayesa, ndipo GTKWave inandionetsa 43,392. Ndinabwereza katatu, yomweyo. Ndinamuitana ali pakhonde akutsuka makapu.

"Chowerengera chanu mwachipatsa ma bit angati, amalume?"

"16."

"Ndiye chimafika pati?"

Ndinatenga pensulo kuseri kwa lisiti. Chowerengera cha ma bit 16, timalo tosungira eya kapena ayi, chimathera pa 65,535 n'kuyambiranso pa ziro, ndipo chinali chitazungulira katatu. Ndinafufuta 16 n'kulemba 18. Ndisanadinde batani magetsi anazima, ndipo batire ya laputopu yathu inafa chaka chatha.