Mawu othokoza kwa onse amene anatithandiza pa vuto la zilolezo za dashboard ya alangizi

Ndikulemba m'malo mwa ofesi ya ziwerengero ya bungwe lathu la alimi kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia, pofuna kuthokoza anthu amene anatigwira mkono pa vuto limene linatipeza kumayambiriro kwa nyengo yogula zokolola. Bungwe lathu limapereka feteleza ndi mbewu pa ngongole mvula isanagwe, ndipo pokolola limagula chimanga, soya ndi mbatatesi kwa alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, n'kudula ngongoleyo pa ndalama za mlimi. Ziwerengero zonsezi timaziona pa dashboard, kutanthauza tsamba la lipoti la mu pulogalamu ya Microsoft yotchedwa Power BI, yomwe inakonzedwa m'njira yoti mlangizi aliyense aziona alimi a m'dera lake okha. Pamene inayamba kukanira alangizi athu, sikelo zinali zitafika kale m'misika ndipo alimi anali atasoka matumba, koma panalibe amene akanatha kunena motsimikiza kuti mlimi uje watsala ndi ngongole ya meticais angati.

Zonsezi zinayamba bungwe litasamutsira antchito onse ku maakaunti atsopano a imelo. Chimene chinatizunguza mutu n'chakuti madandaulo sanali ofanana. Mlangizi wa ku Domué ankauzidwa kuti alibe chilolezo choona lipotilo, wa ku Furancungo ankauzidwa kuti akufunika laisensi, pamene kwa anzathu a ku Tsangano lipoti linkatseguka ndithu koma mabokosi onse ali mbee, popanda uthenga uliwonse wonena kuti china chalakwika. Ife a mu ofesi tinkaona zonse bwinobwino, moti ena anayamba kunong'ona kuti alangizi angotopa ndi ntchito ndipo akunamizira netiweki.

Choyamba ndithokoze mayi amene amayang'anira za makompyuta ku ofesi yathu ya mu mzinda wa Tete, makamaka chifukwa cha chinthu chimene anakana kuchita. Zinthu zitafika pothina, panabwera maganizo oti alangizi onse angokwezedwa kukhala Member mu ma workspace athu, omwe ndi malo a mu Power BI osungiramo malipoti ndi ziwerengero, popeza amene anali ndi udindo umenewu sankavutika. Mayiwa anafotokoza modekha kuti workspace ya Power BI ili ndi maudindo anayi, omwe ndi Admin, Member, Contributor ndi Viewer, ndipo lamulo losefa mizere la row-level security, kapena RLS mwachidule, limene limachititsa kuti aliyense aziona za dera lake zokha, limagwira okhawo amene ali pa Viewer. Maudindo atatu enawo amalola munthu kusintha zinthu, choncho amaona chilichonse. N'chifukwa chake ife a mu ofesi sitinkaona vuto, ndipo tikanatsatira maganizo aja dashboard ikanatseguka tsiku lomwelo kwa amene anali ndi laisensi, koma aliyense wa iwo akanaona dzina, nambala ya foni ndi ngongole ya mlimi aliyense m'maboma onse atatu. Amene amakhala kumudzi akudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi. Mlangizi si mlendo, ndi mlamu wake wa wina, amapemphera ndi alimi omwewo, ndipo ngongole ya munthu ikangotchulidwa pachigayo kapena pamaliro, munthuyo sabweranso kudzatenga feteleza kwa ife ngakhale atamufuna chotani. Mayi, mwina ena anakuonani ngati ouma mtima sabata imeneyo, koma ife tikudziwa chimene munatipulumutsa nacho.

M'malo mwake anapempha mlangizi aliyense kuti atumize pa WhatsApp chithunzi cha uthenga umene akuona, pamodzi ndi akaunti imene walowera, kenako anayamba kulondola chilolezo chimodzichimodzi. Anatikumbutsa kuti kiyi wa pageti si kiyi wa nyumba yosungiramo feteleza, ndipo zinapezekadi kuti mavuto anali angapo ounjikana.

La ku Furancungo linali losavuta. Maakaunti atsopano analibe laisensi yolipira ya Pro, ndipo popeza workspace yathu siili pa Premium capacity, dongosolo lolipirira bungwe lonse pamodzi, wotumiza lipoti ndi woliwerenga onse amayenera kukhala nayo. Alangizi ena anali atavomera laisensi yoyeserera ya masiku 60, yomwe ikanatha tili pakati pogula soya. Apa ndithokoze abambo apampando ndi komiti yawo povomereza ndalama za malaisensi osadikira msonkhano wa mwezi wotsatira.

La ku Domué linali ndi mbali ziwiri. Lipoti limene alangizi amatsegula mu app limatenga ziwerengero ku semantic model, yomwe ndi nkhokwe ya ziwerengero imene mpaka 2023 inkatchedwa dataset, ndipo yathu imakhala mu workspace ina. Kumulola munthu kulowa mu app sikumupatsa chilolezo chowerenga model imene ili kwina, chimenecho chimaperekedwa pachokha. Kuwonjezera apo, mndandanda wa anthu a mu role ya RLS, kutanthauza gulu la anthu amene lamulo losefa lija limawazindikira, unali udakali ndi maakaunti akale, ndipo munthu wa Viewer amene sali mu role iliyonse sapatsidwa ziwerengero n'komwe. Mayi aja sanalembenso maina limodzilimodzi. Anapanga gulu limodzi la alangizi mu Microsoft Entra ID, yomwe kale inali Azure Active Directory, n'kupereka zilolezo zonsezo ku gululo, kotero kuti mlangizi watsopano akabwera amangolowetsedwa m'gulu basi.

La mabokosi opanda kanthu ndilo linatenga nthawi yaitali, chifukwa kumbali ya pulogalamuyo panalibe cholakwika chilichonse. Mu model yathu muli tebulo logwirizanitsa imelo ya mlangizi ndi dera lake, ndipo lamulo la RLS limagwiritsa ntchito fomula ya USERPRINCIPALNAME() pofuna kudziwa amene walowa, n'kumufunafuna m'tebulomo. Anzathu a ku Tsangano anali atalowetsedwa kale mu role, koma tebulo linali ndi maimelo awo akale, choncho pulogalamuyo inkapeza kuti munthuyu alibe dera ndipo inkamuonetsa zimene munthu wopanda dera ayenera kuona. Tebulolo litakonzedwa, tinagwiritsa ntchito Test as role kuona lipoti monga mmene mlangizi aliyense angalionere, dera ndi dera, tisanauze aliyense kuti zatheka.

Ndithokozenso achimwene ena amene amagwira ntchito ngati yomweyi ku Moatize, omwe si a bungwe lathu ndipo sanalandire kalikonse. Iwo ndiwo anafunsa funso limene tonse tinalidumpha pokondwa kuti dashboard yatseguka, lakuti ziwerengerozo zinalowa liti komaliza. Zinapezeka kuti model inali m'dzina la akaunti yakale imene inatsekedwa, refresh, yomwe imalowetsa ziwerengero zatsopano, inkalephera, ndipo Power BI imazimitsa yokha ndondomeko ya refresh ikalephera kanayi motsatizana. Ndalama zimene alimi anabweza m'masabata amenewo zinali zisanalowe. Achimwenewa anatiyendetsa pa foni mpaka tinadina Take over kuti model ikhale m'dzina la akaunti yatsopano, tinalowetsanso pasiwedi ya kumene ziwerengero zimachokera, n'kuyatsanso ndondomekoyo. Pakanapanda iwo tikanadula kawiri ngongole za anthu amene anabweza kale, ndipo mlandu wake ukanafika kwa mafumu.

Kwa inu alangizi, amene munabwerera ku makope ndi malisiti olemba pamanja, kuyenda pa njinga zamoto m'mapiri a Tsangano m'mawa kukuzizira kuti kugula kusaime, zikomo kwambiri, ndipo mawu aja onena za netiweki sanali oyenera kunenedwa za inu. Kwa atsogoleri a makalabu ndi alimi nonse amene munalola kulandira gawo la ndalama zanu n'kudikira zotsalazo, tikuthokoza chifukwa cha kudekha kwanu.

Malisiti onse a pamanja tsopano alowetsedwa. Mlimi amene anagulitsa m'nyengo imeneyo apite kwa mlangizi wake ndi lisiti lake kuti akalifananize ndi zimene zili pa dashboard asanalandire ndalama zotsala, ndipo pakapezeka kusiyana kulikonse, mlangiziyo atidziwitse ku ofesi ya Ulónguè tsiku lomwelo.