Foni ya azakhali ikudzidina yokha

Lachinayi usiku. Mtima sunakhazikikebe ndi zomwe zinachitika m'tauni masana, ndiye ndilembe kaye ndisanagone.

Azakhali anafika kuchokera ku Mitundu foni ataikulunga m'kansalu, atayizimitsa. Akuti yayamba kuchita zinthu yokha. Ikakhala pa mpasa popanda woigwira imatsegula WhatsApp, kenako kamera, kenako n'kumalemba zilembo zopanda mutu. Usiku wina inaimbira abusa a kumpingo kwawo, iwo ali m'tulo. Koma chomwe chinawakweza minibasi n'choti anaipeza itatsegula malo oimbira, pomwe amalembapo *444# akafuna Mpamba. Iwo ndi msungichuma wa banki m'khonde ya amayi a m'mudzimo, ndipo ndalama zina za gulu zili momwemo. Ankandifotokozera manja akunjenjemera.

Munthu woyamba wokonza mafoni amene tinamupeza ku Old Town foniyo sanaiyatse n'komwe. Anangoitembenuza, n'kunena kuti, "Yalowa vairasi iyi, mayi. Tingoiflasha, mubwere ikatha ola limodzi." Azakhali anali atayamba kale kumasula mfundo ya pachitenje kuti alipire. Ndinamufunsa za zithunzi ndi mauthenga. Iye, osadzutsa n'komwe mutu: "Zipita zonse, asisi, kuflasha ndi choncho."

Mufoni imeneyo muli mawu a malemu amuna awo. Chaka chomwe ankadwala ankawatumizira mauthenga a mawu ali m'chipatala, kufunsa za mbuzi, za feteleza, nthawi zina kungowaitana dzina. Azakhali sadziwa kuti kuflasha kumatanthauza kufufuta zonsezo, ndipo munthu uja sanaone chifukwa chowauzira. Ichi ndi chimene chikundiwawa mpaka pano. Sindikunena kuti ndi wakuba, ayi. Koma munthu wamkulu akakupatsa chinthu chake ndi manja awiri, umufunse kaye chomwe chili m'katimo. Ndinatenga foni ija n'kutuluka osatsanzika, azakhali akundikoka malaya kuti ndachita mwano.

Masiku ano ndikupsa mtima msanga, ndikudziwa. Kutentha kwa Okutobala uku, tulo tosakwanira, ntchito. Mwina tsiku lina ndikanangoseka. Koma lero ayi.

Mnyamata wachiwiri ali ndi kabenchi chabe pakhonde la sitolo, koma anayamba ndi mafunso. Imachita zimenezi ili pamoto kapena nthawi zonse? Inagwapo? Mumaisunga pati? Azakhali anachita manyazi pang'ono, n'kuloza pachifuwa. Mnyamata anangogwedeza mutu, n'kunena kuti amayi ambiri amatero, ndipo thukuta limalowa pansi pa galasi lotetezera. Anamatula galasi lija. Pansi pake panali chinyezi ndi tinyenyeswa ta ufa, komanso mng'alu woonda ngati tsitsi pakona ya m'munsi, womwe tonsefe tinali tisanauone.

Kenako anandiuza kuti ndiyandikire, "kuti mawa muzipanga nokha, asisi." Anagwira batani lozimitsira, n'kukanikiza nthawi yaitali pa mawu oti Power off mpaka foni inafunsa ngati iyake mu Safe mode. Anafotokoza kuti ikayaka choncho, ma app onse omwe munthu anachita kuikamo amagona, amatsala okhawo amene inabwera nawo. Ikasiya misala ili mu Safe mode, vuto ndi app. Ikapitiriza, vuto ndi sikirini kapena moto womwe ikulandira. Yathu inapitiriza, ngakhale zotsatsa malonda zomwe zinkatulukira mwadzidzidzi zinasiya.

Chomwe chinandigwira mtima ndi chotsatira. Analowa mu Settings, pa About phone, n'kudina Build number ka 7, ndiye panatuluka Developer options. Mmenemo anayatsa Show taps, yomwe imaonetsa kadontho paliponse pomwe foni yamva kuti yagwiridwa. Anaigoneka foni pabenchi, tonse manja kumbuyo. Timadontho toyera tinayamba kuoneka tokha pakona ija ya mng'alu, kamodzikamodzi, popanda chala cha munthu. Ndiye anapempha tchaja ya azakhali, ija anagula pamsika yoyambayo itapsa. Atangoilumikiza, timadontho tinabalalika sikirini yonse, kamera n'kutseguka pamaso pathu. Atalumikiza tchaja yake, timadonthoto tinabwerera pakona paja. Akuti sikirini imamva chala kudzera mu mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi, ndiye tchaja yosasefa bwino moto imaisokoneza, foni n'kumaganiza kuti yagwiridwa. Anaonanso ngati batire latupa, poti likatupa limakankha sikirini kuchokera m'kati, ndipo lotero ndi loopsa chifukwa limatha kuyaka. Lathu linali bwinobwino.

Azakhali anangoti, "Ha!" Kenako chete.

Vairasi ija sinali bodza lenileni, ndivomereze kuti munthu woyamba uja anagunda pang'ono. Mu mndandanda wa ma app munali ina yopanda chithunzi, dzina lake losamveka, yomwe mdzukulu wawo anailandira kwa mnzake pamodzi ndi masewera a mpira, osati kuchokera ku Play Store. Inali itapatsidwa chilolezo cha Accessibility, chomwe chimalola app kuona zomwe zili pa sikirini ngakhalenso kudina m'malo mwa mwini wake. Mnyamata anachotsa chilolezocho, n'kuifufuta, n'kuyatsa Play Protect, yomwe imafufuza ma app oipa mufoni. Zonsezi popanda kukhudza uthenga ndi umodzi womwe. Pa za ndalama anawalimbitsa mtima kuti sikirini yodzidina yokha siingatumize kanthu popanda nambala yachinsinsi, koma poti app ija inali ndi maso, asinthe nambalayo lero lomwe. Tinasinthira pomwepo, iye atatembenukira kumbali.

Analipiritsa ndalama yochepa moti azakhali anamuwonjezera nthochi za m'chikwama. Koma anatiuza mosabisa kuti pakona paja sipadzachira. Sikirini iyenera kusinthidwa, ndipo mng'alu uzikulabe. Mtengo umene anatchula unawatsitsa nkhope azakhali. Zipangizo zimenezi zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha foni chinakwera. Iwo akuti adikira Disembala gulu likagawana. Pakadali pano tchaja ija taitaya, ndawapatsa yanga, ndipo foni izikhala yokiya nthawi zonse m'kachikwama, osati pachifuwa.

Mu minibasi pobwerera ndi momwe anandiuza zomwe anali nazo mumtima chiyambire. Akuti pali mayi wina m'gululo amene ankafuna udindo wa msungichuma, ndipo foni inayamba zimenezi sabata yomwe anakangana. Ndinawakumbutsa timadontho tija, kuti aona okha ndi maso awo kuti ndi mng'alu ndi tchaja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, nanga mng'aluwo unadza bwanji?" Ndinafuna kuyankha kuti foni inagwa pachitsime, iwo omwe ananena, koma ndinangokhala chete. Sindikufuna kuti akayambane ndi munthu chifukwa cha galasi losweka, komanso sindikufuna kuwalankhula ngati mwana pamaso pa anthu.

Mawa ndisanapite ku ntchito tikopere kaye mawu a malemu aja pa kompyuta, ndiwasungirenso pena. Za sikirini ndawalembera achimwene a ku Johannesburg, poti ndiwo anatumiza foniyo. Uthenga auwerenga madzulo omwe ano koma sanayankhe, mwina mwezi sunathe kumeneko, kapena akuganiza zongotumiza ina.