Dzanja logwira mphepo

Lachitatu usiku, ku Chibavi. Kapena ndinene Lachinayi, poti 12 koloko yadutsa kale ndipo tulo takana.

Ino ndi sabata yachitatu ndikulawirira kukasaka chifunga. Julaye wa kuno ku Mzuzu mukumudziwa, zala zimachita kuuma. Ndimakaima ku Katoto kudikirira akabaza kuti atulukire m'chifungamo ngati mizukwa, ndiwajambule. Kamera yadzaza, koma chondigwira mtima palibe. Zonse n'zokongola, zonse n'zofanana, ndipo aliyense wa foni mumzinda muno ali nazo zake zotero. Lero ndinangoyang'ana cha ku Kaning'ina, phiri osaoneka, ndinabwerera kamera isanatuluke m'chikwama.

Ndiye madzulo ano kunamveka odi. Anali mayi a kuseri kwathuku, foni ataimanga pa nsonga ya chitenje.

"Aneba, paja inu mumatha zokonzakonza zithunzi?"

"Pang'ono, mayi. Lowani, kunjaku kukuzizira."

Amuna awo anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Mu Seputembala akubwerayu akukavumbulutsa chiliza kumudzi ku Ntcheu, ndipo abale akufuna chithunzi choika pa matisheti, china cha m'felemu. Zithunzi zambiri zinapita ndi foni imene inabedwa mumsika. Cha pachiphaso cha unzika, chojambulidwa pa kalembera wa 2017 uja, akuti bambowo akuoneka ngati angogwidwa kumene ndi apolisi. Chatsala chimodzi chokha: pa ukwati wina, akuseka mpaka mano onse panja, kudzanja lamanja atagwira botolo lobiriwira.

"Mundichotsere ichi. Abusa adzakhalapo, ndi azilamu anga onse."

Apa mpomwe panandivuta. Ine ndakhala ndikulalikira kwa anzanga ojambula kuti kuwala ukhoza kukonza, mitundu ukhoza kuwongola, koma chimene chinalipo usachichotse, chimene panalibe usachiike. Ndimakonda kuwaopseza ndi za mpikisano wa World Press Photo, kuti mu 2015 pa zithunzi zisanu zilizonse zimene zinatsala pang'ono kufika kumapeto, chimodzi anachitaya kaamba kochisintha mopitirira. Nkhani ikakoma ndimafika mpaka kwa Stalin, wolamulira dziko la Soviet Union uja, amene anafufutitsa Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi ake achinsinsi, pa chithunzi chomwe anajambulitsa limodzi m'mbali mwa ngalande ya ku Moscow, munthuyo ataphedwa mu 1940. Pamene panali munthu panangotsala madzi. Nkhani zonsezi zinali pakamwa pangapa, koma ungayambe bwanji za Stalin kwa namfedwa amene wakhala pa mpando wako, manja ali pa maondo?

Ndinayesa njira yozembera. "Mayi, bwanji tingodula, titenge nkhope ndi mapewa basi? Botolo litsala kunja lokha."

Anapukusa mutu ndisanamalize. "Ayi, aneba. Manja aoneke. Bambo anuwa ankacheka matabwa ku Chikangawa. Ana onse anaphunzira ndi manja amenewa."

Ndinakhala chete. Kenaka anasendeza foni ija pafupi ndi maso, n'kuwonjeza mawu amene mpaka pano akundizungulira m'mutu.

"Komanso foni ya mwana amene anajambulayu inawayeretsa. Sanali oyera chonchi ayi. Anali akuda bii, okongola. Muwabwezere khungu lawo."

Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti akunena zoona. Nkhope yasalala ngati yapakidwa ufa, makwinya a pamphumi kulibe, khungu latuwa. Foni inachita yokha zimenezo pa nthawi yojambulayo, popanda woifunsa. Mafoni ambiri amatero: ukadina kamodzi amatola zithunzi zingapo, kuziphatikiza, kuwalitsa mthunzi, kusalaza nkhope, n'kukupatsa chithunzi chophikaphika kale. Ndipo vuto la khungu lakudali silinayambe ndi mafoni. Kale a Kodak, kampani yopanga mafilimu a kamera, ankatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu, lotchedwa Shirley, ndipo kwa zaka zambiri pa khadipo pankakhala mzimayi wachizungu. Makina ankatcheredwa potengera khungu limenelo. Ife tinkangotuluka mmene tatulukiramo.

Ndiye chithunzi "chenicheni" chimene ndimafuna kuchiteteza ndi chiti? Chimene foni yanamiza kale? Mayiwa akundipempha bodza limodzi ndi choona chimodzi pa chithunzi chomwecho, ndipo kwa iwo zonse ndi kukonza basi.

Ndinawauza kuti abwere mawa.

Ndisaname, ndinayamba ntchitoyi ndili wokwiya, kaya ndinakwiyira ndani. Chithunzicho chadutsa mafoni angapo pa WhatsApp, ndipo chikamayenda choncho chimaphwanyika, moti ukachikuza umangoona timabokosi. Ndinayesa Snapseed, pulogalamu yokonzera zithunzi pa foni, botolo linangosanduka chithaphwi chobiriwira pa malaya. Ndinatsegula laputopu. Magetsi anathima cha m'ma 8, ndinapitiriza ndi batire, nditafunda bulangete, mbaula ili kumapazi.

Khungu ndiye linandikomera. Kutsitsa kuwala pang'onopang'ono, kubwezera kufiira kumene foni inachotsa, mpaka ndinamuona munthu uja ndinkakumana naye pa mpopi m'mawa, wa moni wokweza uja. Ndinachita kudzidzimuka ndekha m'nyumba muno. Ndinakumbuka wojambula wa panjinga amene ankazungulira kwathu tili ana. Filimu yake inali ya zithunzi 36, ndiye unkadikira idzaze, apite nayo kukatsukitsa, abwere patatha masabata awiri. Chikabwera chakuda kwambiri, amayi ankangoti "bola tikuoneka" n'kulipira. Palibe ankadziwa kuti chikanatha kutuluka mwina.

Botolo ndinalichotsa ndi pulogalamu ya Photoshop, kachidutswa kachidutswa, ndikutapa nsalu ya malaya pambali n'kumata pamene linali. Litachoka, panatsala dzanja. Zala zinayi zopindika, chala chachikulu pamwamba, zagwira mphepo. Munthu akuseka, dzanja lakumbatira chinthu chimene kulibe.

Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Ndinayesako kachida kamakono kaja kamene umangokalozera malo, iko n'kupeka kokha zoti kaikepo. Kanandipatsa dzanja lotambasuka bwinobwino, zala zosalala, zikhadabo zowala. Dzanja la kalaliki wa mu ofesi. Munthu amene wakoka sowo zaka zonsezo mu paini wa ku Chikangawa sangakhale ndi zala zotero. Ndinafufuta msangamsanga, ngati mwini wake akundiona.

Pamene ndimadzutsa mutu n'kuti batire itatsala pang'ono kutha, makala atazima, tiyi atazizira osamumwa. Maola atatu osawamva. Chifunga cha masabata atatu sichinandikhazikepo pansi chonchi ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezi zikundinyansa pang'ono. Ndimadzitcha wojambula, koma chimene chandidzutsa mtima ndi chithunzi chophwanyika cha mwana wina wa pa ukwati, chimene ndikuchinamiza ndi manja anga.

Ndagwidwanso ndi maganizo ena, oti ndipite ku Zigwagwa ndikajambule manja okhaokha. A mayi osenda mbatatesi, a wosoka nsapato, a kabaza atagwira handulo m'mawa wozizira. Nkhope ayi. Kaya ndi nzeru, kaya ndi kusowa tulo. Kaya anthu akavomera, poti ukangotulutsa kamera mumsika funso loyamba limakhala lakuti ukukagulitsa kuti.

Pakali pano ndasunga mafayilo atatu. Loyamba ndi mmene chinabwerera. Lachiwiri khungu labwerera, botolo lilipo, ndipo kunena zoona ndi limene ine ndikulikonda, chifukwa bambo aja ankamwa ndithu ndipo Chibavi yense akudziwa. Lachitatu ndi la dzanja logwira mphepo. Ukalipenya mbali ina limaoneka ngati lagwira chigwiriro cha sowo. Mwina ndikungodzitonthoza.

Mayi aja anati abwera akatha kusesa. Ndangoona kumene kuti pa chala chachikulu patsala kakuwala kobiriwira, kochokera ku galasi la botolo lija. Nkakang'ono zedi, pa tisheti sikangaoneke. Ndasendeza mausi kufika pamenepo kawiri konse, sindinadine.